Emilia kapena Piemonte, pamene holide ndi yaifupi

Ife amene timagwira ntchito za mashifiti kuno ku UK timadziwa mmene holide imavutira kupeza, ndipo ukaipeza imakhala kaweekend kotalikirapo pang'ono basi, nde munthu ukati upite ku Italy kukadya ndi kulawa vinyo umayenera kusankha dera limodzi osati kumangothamangathamanga dziko lonse. Madera awiri amene anthu okonda chakudya amalimbana nawo mumtima ndi Emilia-Romagna, kumene kuli Bologna, Modena ndi Parma, ndi Piemonte, makamaka zitunda za Langhe kuzungulira tauni ya Alba. Konseko ndinafikako, konseko ndimakukonda, koma mukandifunsa za ulendo waufupi ine sindichita chibwibwi, pitani ku Emilia. Ndifotokoza chifukwa chake, komanso ndinena anthu amene yankho langali silikuwakwana, poti alipo ndithu.

Nkhani yoyamba ndi ya mayendedwe, ngakhale anthu ambiri amayiganizira pomaliza. Mizinda ya ku Emilia inandandalikana pa mzere umodzi, pa msewu wakalekale wa Via Emilia umene Aroma anamanga mu 187 BC, ndipo njanji inangotsata momwemo. Ukatsika ndege ku Bologna pali kasitima ka Marconi Express kamene kamakusiya pa siteshoni yaikulu mphindi khumi zisanakwane, kuchoka pamenepo Modena ndi theka la ola kapena kuchepera, Parma ndi cha mu ola limodzi, ndipo sitima zake ndi zambiri moti ikakusiya ina sudandaula. Ndiye kuti umagona hotela imodzi ku Bologna, chikwama osachinyamulanyamula, m'mawa nkudzuka kupita komwe mtima wafuna, madzulo nkubwerera. Galimoto siyofunika, ndipo pa ulendo woti munthu ukamwa vinyo imeneyo si nkhani yaing'ono ayi.

Ku Langhe zinthu nzosiyana. Sitima imakufikitsa ku Alba kuchokera ku Torino, mzinda waukulu wa ku Piemonte, ola limodzi ndi kanthu, koma zimene wabwerera sizili mu Alba mwenimwenimo, zili pa zitunda, m'timidzi ta La Morra, Barolo, Monforte, Serralunga, Castiglione Falletto, ndi mbali inayo Barbaresco, Neive ndi Treiso. Mabasi alipo koma ndi apatalipatali, ena amatsata nthawi ya ana asukulu, Lamulungu nde musawerengere nkomwe. Pamafunika kubwereka galimoto, kuyendetsa mbali ya kumanja m'misewu yokhotakhota, ndipo wina pagulupo ayenera kuvomera kuti iye salawa zenizeni chifukwa malire a mowa m'magazi kwa woyendetsa ndi magalamu 0.5 pa lita imodzi ya magazi, ndipo amene layisensi yake sinakwane zaka zitatu saloledwa olo dontho. Njira ina ndi kulipira dalaivala wa tsiku lonse, zomwe zimadula.

Tsopano za chakudya chenicheni. Ku Bologna chinthu choyamba chimene umaphunzira ndi choti supageti wa bolognese amene timaphika m'nyumba zathu kuno eni ake samadya choncho, iwo msuzi wa minsi uja amathira pa tagliatelle, pasta yopyapyala yamazira imene azimayi amafulula ndi ndodo yaitali yamtengo patebulo mpaka kuwala kumaonekera, ndipo m'mashopu ena amagwira ntchitoyi pa windo kuti odutsa aziona. Msuziwo si wa tomato wambiri, ndi wa nyama, wophikidwa pamoto wochepa maola angapo, ndipo anthu ake nkhaniyi anayitenga mozama moti mu 1982 anakalembetsa kaphikidwe kake ku ofesi ya zamalonda ya mumzindamo, ndipo ku ofesi yomweyo kuli kachingwe ka golide kosonyeza kuti tagliatelle yophika izikhala mamilimita 8 m'lifupi. Kuli tortellini, tinthu ting'onoting'ono tokulunga nyama mkati todyera mu msuzi woyera wa nkhuku, pamaso sitioneka ngati kanthu koma mukalawa tsiku lozizira mudzamvetsa chifukwa chake amadya pa Khirisimasi. Kuli mortadella, soseji yaikulu ya nkhumba. Kuseri kwa bwalo lalikulu la Piazza Maggiore kuli timisewu tothina ta Quadrilatero momwe muli mashopu a nsomba, tchizi, nyama zopachika kudenga, ndipo momwemo muli Osteria del Sole, malo omwerapo amene alipo kuyambira 1465, kumene amangogulitsa zakumwa basi, chakudya umagula wekha pamsika nkukatsegula pepala lako patebulo lalitali pamodzi ndi anthu osawadziwa. Kwa munthu woyenda ndi ndalama zowerenga, madzulo amenewo ndi otchipa komanso okoma kuposa lesitilanti zambiri.

Ndipo mvula ikagwa sunyowa, mzinda wonse uli ndi makhonde amene umangoyendamo, amene bungwe la UNESCO linawazindikira ngati chuma cha dziko lonse mu 2021. Lalitali kwambiri ndi lokwera ku tchalitchi cha San Luca, pafupifupi makilomita anayi, ndipo mukadya nkhomaliro ya ku Bologna mudzafuna kuyendako ndithu.

Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri ku Emilia si lesitilanti, ndi m'mawa wina m'nyumba yopangira tchizi cha Parmigiano Reggiano kunja kwa Parma. Umayenera kufika cha m'ma 8 chifukwa ntchito imayamba m'mamawa ndipo siyidikira munthu. Mkaka wa dzulo madzulo amaugoneka kuti mafuta ayandame nkuwachotsa, m'mawa nkuusakaniza ndi mkaka wongokama kumene, m'miphika ikuluikulu yamkuwa yooneka ngati belu lozondoka, mphika umodzi malita oposa 1,000. Mulibe mankhwala, ndi mkaka, madzi otsala a tchizi cha dzulo, rennet yogwiritsa mkaka, ndi mchere pambuyo pake, basi. Ndinaona bambo wina wachikulire ataviika dzanja mumphikamo nkufinya timibulu ta mkakawo pakati pa zala, osalankhula, kenaka nkugwedeza mutu kwa mnyamata kuti azimitse moto, thermometer ilipo koma chimene chinagamula ndi dzanja lija. Patapita kanthawi anthu awiri analowetsa chopalasira chamtengo pansi pa mphika, chimtanda choyera chija nkuyandama, nkuchikola ndi nsalu, nkuchidula pakati kukhala ziwiri, thukuta lili kamukamu, nthunzi ili tolo. Chigulumwa chimodzi chimadya malita pafupifupi 550 a mkaka ndipo chikakhwima chimalemera cha m'ma kilogalamu 40. Amachiviika m'madzi amchere pafupifupi milungu itatu, kenaka nkukachiika pa mashelefu ofika kudenga, ndipo pakatha miyezi 12 pamabwera katswiri ndi kanyundo kakang'ono, amagogoda chigulumwa chilichonse nkumamvetsera ngati mkati muli mphako, chimene chapambana ndi chomwe amachidinda ndi chitsulo chamoto. Ng'ombe zimakamidwa tsiku lililonse nde ntchitoyi ilibe Sabata, ilibe Khirisimasi. Ukaona zimenezi nkulawa cha miyezi 24 kenaka cha miyezi 36, timibulu tikuphwanyika m'mano, suthanso kuona kapaketi ka tchizi chogaya ka mu supamaketi ngati kale.

Kumeneku pokha nde pamafunika takisi kapena kulowa m'gulu la oyendera malo, poti nyumba zimenezi zili kumidzi, koma ndi ulendo wa m'mawa umodzi, osati tsiku ndi tsiku. Ambiri amaphatikiza ndi Langhirano kumene amaumitsa miyendo ya nkhumba ya Prosciutto di Parma, nyama ndi mchere basi, nkuipachika kupitirira chaka, ndipo kalekale nkhumbazo zinkamwa madzi otsala popanga tchizi chija, nde mukuona kuti zinthu ziwirizi zinakulira limodzi.

Ku Modena kuli viniga. Ameneyu ndimafuna aliyense amuone chifukwa amene timagula kuno wolembedwa balsamic ndi wina, wosakaniza ndi viniga wamba ndipo lamulo limangofuna kuti akhale masiku 60. Weniweni wamakolo amapangidwa ndi madzi a mphesa owiritsa okha, amakhala m'timigolo tondandalika kuyambira waukulu mpaka waung'ono, ta mitengo yosiyanasiyana, ndipo satisunga pansi kozizira ngati vinyo koma kudenga kwa nyumba kumene kumatentha chilimwe nkuzizira chisanu. Chaka chilichonse amatunga pang'ono m'kamgolo kotsiriza, nkudzazamo kuchokera m'kotsatira, choncho mpaka kumapeto, zaka zosachepera 12, ndipo wapamwamba zaka 25. Mabanja ena amayamba mzere wa timigolo mwana akabadwa kuti adzatenge akakula. Amakupatsa timadontho pa kasupuni, wakuda, wonanda, wotsekemera ndi wowawasa nthawi imodzi, ndipo amagulitsidwa m'kabotolo ka 100 ml kokha. Mu Modena momwemo muli msika wa Albinelli komanso lesitilanti ya Massimo Bottura, Osteria Francescana, imene inasankhidwa kukhala yoyamba padziko lonse mu 2016 ndi 2018, koma imeneyo ndi ya anthu obooka miyezi yambiri pasadakhale ndi matumba olemera, ndipo ulendo wanu sulephera chifukwa choti simunalowemo.

Pamene Emilia imagonja ndi pa vinyo, izi ndivomere. Vinyo wa kumeneko ndi Lambrusco, wofiira, wothwanima, womwa ali wozizira. Ali ndi mbiri yoipa chifukwa cha wotsekemera wotchipa amene anadzaza m'mashopu akunja, koma wosatsekemera wa ku Sorbara kapena Grasparossa wa ku Castelvetro ndi wabwino zedi ndipo amatsuka mafuta a nyama mkamwa bwinobwino. Komabe ndi vinyo woperekeza chakudya, si vinyo woti munthu ungakwerere ndege. Ngati chimene chikukudzutsani pa mpando ndi vinyo weniweniyo, mtima wanu uli ku Piemonte, ndipo musaunamize.

Langhe ndi kokongola, abale. Ukaima pa La Morra nkuyang'ana pansi, mizere ya mphesa yakuta zitunda zonse mmene tiyi amakutira mapiri a ku Thyolo, kungoti pamwamba pa chitunda chilichonse pali kamudzi ndi nsanja yake, ndipo kukayera kumaoneka mapiri a Alps ali ndi chipale. UNESCO inazindikira dera limeneli mu 2014. Mphesa yolamulira ndi nebbiolo, yomwe imapsa mochedwa, cha mu October, ndipo ndi imene imapanga vinyo wa Barolo ndi wa Barbaresco. Barolo amachokera m'midzi 11 yokha ndipo saloledwa kugulitsidwa asanakhale miyezi 38, mwa imeneyo 18 mu mgolo, pamene Barbaresco ndi miyezi 26. Mu galasi amaoneka wofiira mopepuka nde umaganiza kuti ndi wofatsa, koma ukamwa amaumitsa mkamwa monse, fungo lake lamaluwa ndi dothi likukwera pang'onopang'ono, ndipo chodabwitsa ndi choti wa ku La Morra ndi wa ku Serralunga, midzi yoti imaonana, amasiyana chifukwa cha nthaka, wina wofewerapo wina wolimba wofuna zaka. Kuti zimenezi uzimve pamafunika kukhala pansi ndi mlimi, iye akuthira pang'onopang'ono nkumaloza pa windo munda umene botolo lachokera, ndipo malo ambiri ndi a mabanja, sungangofika nkugogoda, umabooka pasadakhale ndipo kulawa kumodzi kumadya ola ndi theka kapena awiri. Patsiku ukayendera malo awiri ndi nkhomaliro pakati ndiye kuti tsiku latha. Ndi chifukwa chake ndimati dera limeneli silifuna munthu woyang'ana wotchi.

Amene alibe nthawi yobooka pali pothawira, ku Barbaresco kuli enoteca ya dera m'katchalitchi kakale kumene umalawa vinyo wa alimi ambiri malo amodzi, ndipo pafupi pomwepo pali kopaletivu ya Produttori del Barbaresco imene inayamba mu 1958, alimi ang'onoang'ono kuphatikiza mphesa zawo nkumapanga vinyo wolemekezeka padziko lonse pa mtengo wofikirika. Ndipo anthu akumeneko samamwa Barolo tsiku lililonse, patebulo pamakhala Dolcetto kapena Barbera, otchipa komanso osavuta.

Chakudya cha ku Langhe nachonso si chamasewera. Kuli tajarin, pasta yowonda kwambiri yachikasu chifukwa cha kuchuluka kwa mazira, kuli agnolotti del plin totsina ndi zala, kuli vitello tonnato, nyama yang'ombe yodula mopyapyala yothira sosi wa nsomba ya tuna, zomveka zachilendo koma zokoma, kuli bagna cauda, adyo ndi tinsomba ta anchovy zosungunulira m'mafuta a olivi nkumasunsamo masamba gulu lonse mozungulira. Kuli mtedza wa hazelnut paliponse, poti Alba ndi kwawo kwa kampani ya chokoleti ya Ferrero ndipo Nutella anayambira komweko mu 1964, masiku ena fungo la chokoleti limamveka m'misewu. Ndipo ku Bra, mtunda pang'ono kuchokera ku Alba, nkumene Carlo Petrini anayambitsa mu 1986 gulu limene linadzakhala Slow Food, gulu lolimbikitsa kuti anthu asataye mbewu ndi zakudya zamakolo awo, lomwe mu 2022 linasankha Edward Mukiibi wa ku Uganda kukhala mtsogoleri wake.

Nde pali truffle yoyera, bowa womera pansi pa nthaka m'mizu ya mitengo, amene salimidwa, amasakidwa ndi agalu usiku ndipo aliyense amabisa malo ake. Ameneyu ndi amene amasokoneza masamu onse. Mu lesitilanti amabwera naye pa kasikelo, amamuyeza pamaso pako, nkuyamba kupala tizidutswa topyapyala pamwamba pa tajarin yothira batala kapena pa dzira lokazinga, iwe ndi amene umati basi, kenaka nkuyezanso chotsala ndipo umalipira magalamu amene apita. Samuphika. Kutentha kwa chakudya ndi kumene kumadzutsa fungo, ndipo fungolo limadzaza chipinda chonse, anthu a tebulo linalo mpaka kutembenuka. Mtengo wake umasintha chaka ndi chaka malinga ndi mvula koma ndi ma euro mazana angapo pa magalamu 100. Nyengo yake ndi kuyambira cha mu October mpaka chakumapeto kwa chaka, ndipo chionetsero cha truffle ku Alba chimachitika maweekend a October mpaka kumayambiriro kwa December, nthawi yomwenso masamba a mphesa amasanduka ofiira ndi achikasu, chifunga chili m'zigwa. Imeneyo ndiyo Langhe pachimake, koma ndi nthawi yomwenso malo ogona amadzaza ndi kukwera mtengo, nde munthu wongodzidzimuka kuti bwana wandipatsa masiku sabata yamawa zimamuvuta. Chakudya cha ku Emilia chilibe nyengo, tchizi chimapangidwa mu February chimodzimodzi mu October, ngakhale ndinganene kuti pewani pakati pa August poti kumatentha koopsa ndipo malo ambiri amatseka eni ake apita kunyanja.

Pali gulu lina limene ndiyenera kulichenjeza mwapadera chifukwa pakati pathu alipo ambiri, abale athu a Seventh Day ndi Asilamu, komanso ena amene sadya nkhumba pa zifukwa zawo. Emilia ndi dziko la nkhumba. Si mu prosciutto ndi mortadella mokha, mu tortellini muli nkhumba, mu msuzi wa tagliatelle muja amayambira ndi nyama yankhumba yamafuta, ngakhale gnocco fritto, timikate tokazinga timene amabweretsa poyamba, nthawi zambiri amakazingira mafuta a nkhumba. Mutha kupulumukira pa tortelli ya tchizi ndi masamba kapena ya maungu, zimene nzokoma kwambiri, koma muzikhala mukufunsa mbale iliyonse ndipo theka la zimene dera limanyadira muzingoziona. Piemonte ndi kwa ng'ombe, mtundu wawo wa Fassona, nde kumeneko mpata ndi waukuluko, bola muzifunsabe za zimene akulunga mu agnolotti. Kungoti kumenekonso mbale imene amainyadira ndi nyama yang'ombe yaiwisi yodula ndi mpeni, yothira mafuta ndi mchere basi, ndipo ndikudziwa kuti ambiri a ife tinaleredwa kuti nyama iyenera kupsa mpaka kulekana ndi fupa. Ine ndimadya ndipo ndimaikonda, ndi yofewa, yopanda fungo, koma palibe amene angakukakamizeni. Ndipo amene samwa mowa konse, ku Emilia sataya kanthu kwenikweni, pamene ku Langhe akhala akuperekeza anzawo m'nyumba za vinyo tsiku lonse.

Ena amati bwanji osangopita konseko, sitima yothamanga ya pakati pa Bologna ndi Torino si maola awiri ndi kanthu basi. Ndi zoona, koma onjezerani sitima ya ku Alba, kukatenga galimoto, kusintha hotela, mupeza kuti tsiku lathunthu lapita panjira pa ulendo umene unali kale waufupi, ndipo kuwiri konseko mwangonunkhiza. Musatero. Komanso mimba ili ndi malire ake, chakudya cha madera onsewa ndi cholemera, mazira, batala, nyama, ndipo nkhomaliro yeniyeni imodzi patsiku imakwana, madzulo nkungotola tina ndi tina pamsika.

Kwa ife a pasipoti ya Malawi palinso viza ya Schengen, olo ukhale ndi mapepala okhalira ku UK, ndipo kuyambira June 2024 ndi ma euro 90 osawerengera za ofesi yolandira mafomu, nde tsiku lokaonekera lipezeni msanga musanagule tikiti ya ndege. Ndikumvetsa kuti munthu ukavutikira viza umafuna kuona zambiri kuti ndalama ibwerere, koma kwa ine ndalamayo imabwerera bwino ukakhala malo amodzi nkudya modekha. Kumbukiraninso nthawi zawo, khitchini imatsegula cha m'ma 12:30 nkutseka cha m'ma 2:30, madzulo siyiyamba isanakwane 7:30, malo ambiri amapuma Lamulungu madzulo kapena Lolemba, ndipo pa bilu mudzaona coperto, kandalama ka pa munthu aliyense kolipirira tebulo ndi buledi, si kuba ayi, ndi mmene amachitira.

Za zobwera nazo, amene mukubwerera ku Britain samalani, mu April 2025 boma linaletsa anthu apaulendo kulowetsa nyama ndi za mkaka zochokera ku EU chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ziweto, ndipo tchizi ndi prosciutto zinali momwemo olo zikhale zomata bwino m'pulasitiki, nde musanagule chigawo cha Parmigiano cha miyezi 36 yang'anani kaye ngati lamulolo lasintha. Viniga wa ku Modena ndi vinyo zilibe vuto limenelo, bola botolo la vinyo lilowe m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege, mutalikulunga ndi juzi.